Chitseko Chimene Ndinazula Kuchikamwini

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga mayankho anu m'nyuzi ino kwa chaka chathunthu, ndipo kawirikawiri ndimawaseka anzanga amene amakulemberani, ndikumati anthu akuluakulu angalephere bwanji tinkhani tating'ono chotere. Lero ndi ine. Mundiseke ngati mukufuna, koma mukatha kuseka mundithandize, chifukwa banja langa likupasuka ine ndikuona.

Ndili ndi zaka 27, kwathu ndi cha ku Nsaru. Ndinakwatira kwa Nambuma zaka zinayi zapitazo, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakhala pachikamwini. Mkazi wanga ndi Rozaria, tili ndi mwana mmodzi, Natalia, amene wangoyamba kumene kuyankhula. Ukalipentala ndinauphunzira ku mishoni. Nyumba yathu ndinamanga ndekha, yamakona anayi, n'kuikapo chitseko cha matabwa a mlombwa, cha mahinjesi awiri ndi loko. M'mudzi monsemo chitseko cha matabwa chinali chokhacho, zina zonse n'zamapesi kapena zabango. Amayi anzake ankabwera kudzachigogoda dala kuti amve kulira kwake, Rozaria n'kumanyadira.

Fodya wathu wa chaka chatha sanachite bwino, choncho mu Novembala ndinabwera kuno ku Lilongwe, ndipo ndinalembedwa ntchito kwa Mmwenye wina wopanga mipando, matebulo ndi mabedi. Za ntchito sindidandaula. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'tauni munthu angapeze ntchito tsiku limodzi koma pogona n'kusowa miyezi. Masabata oyamba ndinkagona pakhonde la sitolo, mutu nditatsamira bokosi la zipangizo zanga. Kenako anyamata a kwathu anandimvera chisoni n'kundilandira m'chipinda chawo. Tinalimo asanu ndi mmodzi, moti ukafuna kutembenuka umayamba wapepesa. Mmenemo mkazi sungamuitanire.

Ndiye ndinayamba kufunafuna. Nyumba za boma n'za makalaliki ndi apolisi. Tinyumba ta kuseri kwa azungu n'ta makhukhi ndi ogwira ntchito m'nyumba. Kwina ndikafunsa, akangomva kuti ndili ndi mkazi ndi mwana, mtengo umakwera pomwepo, kapena amati ana amawononga zipupa. Kwina ndinapeza chipinda chotchipa ndithu, koma mvula itagwa madzi ankadutsa m'katimo kulowera khomo kutulukira kuseri. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndinkayenda khomo ndi khomo mpaka mapazi kutupa, kwa miyezi isanu. N'chifukwa chake kumudzi ndinangopitako katatu kokha nthawi yonseyo.

Mu Meyi ndinapeza chipinda kutsidya kwa mtsinje, kwa mayi ena amasiye, Mayi Yunisi, amene amagulitsa zitumbuwa pamsika. Aphungu, chipinda chake ndi chabwino. Denga ndi laudzu koma silidontha, chitsime chili pafupi, kuseri kuli malo oika mafuwa, ndipo pabwalo pali mtengo wa mango woti mwana n'kumasewera pamthunzi. Lendi yake ndi theka la imene ena ankanditchulira. Nditafunsa chifukwa chake, anangondilozera pakhomo. Panalibe chitseko, mphuthu zokhazokha.

Iwo anati: "Amene ankakhalamo wapita ku Halale, ndipo chitseko chinali chake. Kuno, bambo, chitseko ndi loko zimabwera ndi mwini wake, zimapitanso ndi mwini wake, ngati bulangete. Ine changa ndi zipupa ndi denga. Mubwere nacho sabata ino isanathe, apo ayi ndipatsa wina. Sindingamakhale mlonda wa masowo anu ine, ndili ndi zitumbuwa zoti ndigulitse."

Ndinayamba ndadabwa, koma tsiku lomwelo ndinakumana ndi banja lina likusamuka, mkazi atasenza miphika ndi mphasa, mwamuna atasenza chitseko. Ndinati ohoo, kani ndi mmene amachitira kuno. Pomwepo maganizo anandibwerera akuti chitseko ine ndili nacho kale.

Ndikudziwa mufunsa kuti kalipentala analekeranji kupanga china. Matabwa abwino kuno mtengo wake ndi wothyola khosi, ndipo abwana salola ngakhale kachidutswa kutuluka pachipata. Mnzanga wina anati ndiphwasule mabokosi a palafini ndikhome chitseko. Ndinakana. Ndinkafuna kuti tsiku limene Rozaria adzafike m'tauni muno, pakati pa anthu osawadziwa, adzaone chitseko chake chomwe chija n'kudziwa kuti wafika pakhomo pake. Mtima wanga unali umenewo basi.

Lamulungu ndinalawira pa njinga. Nditafika ndinapeza Rozaria kulibe, anapita ndi mwana kumaliro kumudzi kwa atate ake, ndipo akagona komweko masiku awiri. Pakhomo panali apongozi anga aakazi okha, akuthothola mtedza. Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso ndipo sachulutsa nkhani. Ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe, ndinawomba m'manja, n'kunena kuti: "Ndabwera kudzatenga chitseko, ndipite nacho ku tauni. Ndapeza nyumba kumeneko."

Anapitiriza kuthothola mtedza wawo. Kenako anati: "Mwapeza nyumba eti?" Ndinati inde. Anati: "Chabwino. N'chanu. Muyende bwino."

Ine ndinatenga mawu amenewo ngati chilolezo. Lolemba ndinayenera kukhala ndili pantchito, ndiye kudikira sikukanatheka. Ndinamasula mahinjesi, ndinaluka msangamsanga chitseko cha mapesi n'kuimika pamalopo, chamatabwacho n'kumangirira panjinga. Anthu anatuluka m'nyumba zawo n'kuima kumandiyang'ana. Palibe amene anandipatsa moni, palibe amene anandigwirirako njinga pomanga. Ine m'kupusa kwanga ndinkati akusirira. Njira yonse ndinakankha chokankha, chifukwa ndikangokwera mphepo inkachigwira chitsekocho n'kundiponyera m'tchire, koma ndinafika ndikuimba nyimbo.

Patapita masabata awiri, achimwene anga a Davide, amene ndiwo nkhoswe yanga, anandipeza kuntchito nkhope ili gwaa. Ngakhale moni sanamalize. Anati: "Iwe, wakachita chiyani kwa eni ake?" Anandiuza kuti a Goliati, amalume ake a Rozaria, amene ndiwo eni mbumba, anapalasa njinga mpaka ku Nsaru kukawauza kuti: "Mkamwini wanu watulutsa katundu wake masana, anthu akuona, ndipo wanena yekha kuti wapeza nyumba ina. Kwathu kuno nyumba timaizula chitseko mwini wake akamwalira kapena ukwati ukatha. Rozaria ali moyo. Ndiye atiuze chimene chatha."

Si zokhazo. Ino ndi nyengo imene mbuzi zimayenda zokha. Tsiku lachitatu, Rozaria ali kudimba, zinadya chitseko changa cha mapesi chija, zinalowa m'nyumba n'kumaliza mtedza wonse umene anasankha kuti ukhale mbewu. Iye anangotola mphasa ndi mwana n'kubwerera m'nyumba ya amake. Ndipo mukudziwa zimene anthu amanena mkazi wapabanja akayamba kugona kwa amake. Akuti kuchitsime amayi amangoti akamuona n'kuyamba kufunsana za mitengo ya zitseko.

Ndinathamangirako Lamulungu lotsatira. Ndinamupeza kudimba akuthirira mpiru. Ndinamufotokozera zonse, za Mayi Yunisi, za chitsime, za mtengo wa mango, za mmene zitseko zimayendera m'tauni. Sanaleke kuthirira. Nditamaliza anati: "Mukanatenga ndi denga lomwe, anthu aleke kundifunsa." Nditafuna kuonjezera anati: "Nkhani ili kwa amalume." Rozaria si munthu wolongolola, Aphungu. Zaka zinayi zonsezi sanandiyankhepo chotero, ndipo mawu amenewa akundiwawa mpaka lero.

A Goliati si munthu wankhanza. Tinkamwera limodzi thobwa, ndipo mpando umene amakhalira ndinawakhomera ndine. Koma tsikulo anandilandira ngati mlendo. Anati ankhoswe akumana Lamulungu loyamba la Ogasiti, ndipo ine ndikanene chimodzi: kubwerera kudzakhala pamudzi monga mkamwini, kapena kumasula mwana wawo. Ukwati wathu ndi wa m'tchalitchi, koma iwo sapemphera, ndipo mbumba ndi yawo.

Pano ndagwira njakata. Ndikabweza chitseko, chipinda chindipulumuka, ndipo ndiyambirenso kuyenda khomo ndi khomo miyezi ina isanu, kapena ndigone pakhomo pululu zipangizo zanga n'kubedwa. Ndikachisunga, mkazi wanga wapita. Ntchito sindingaisiye, chifukwa kumudzi kulibe wogula mipando. Mkazi wina ndilibe, Mulungu ndi mboni. Rozaria ndimamukonda, ndipo zonsezi ndinkachitira iye yemweyo. Chipinda chimene ndinachivutikira chija tsopano ndimachita mphwayi kulowamo.

Kodi ndinalakwadi kutenga chinthu chimene ndinapanga ndi manja anga? Nanga ndichite chiyani kuti ndisataye mkazi, ndisatayenso pogona?

Ndine wanu wothedwa nzeru,
G.N.K., Lilongwe.

Aphungu akuyankha:

Bambo G.N.K.,

Ndaseka monga munandilola, makamaka pamene mphepo inkakuponyerani m'tchire, koma sindinaseke nthawi yaitali. Kalata yanu ndi ya munthu wokonda mkazi wake, ndipo ndakumverani chisoni. Aliyense amene anagonapo pakhonde la sitolo akudziwa mmene mutu umaimira ukapeza denga losadontha. Umaiwala zonse.

Koma mwafunsa ngati munalakwa. Inde, munalakwa. Munatenga lamulo la Mayi Yunisi n'kukaligwiritsa ntchito pamudzi wa a Goliati. Inu ndinu mwana wa ku Nsaru, simunabadwire m'sitolo. Mukudziwa kuti nyumba imene mkamwini wamanga ndi ya mkazi ndi ana ake, kuyambira mzati mpaka udzu. Chitsekocho munapala ndinu, inde, koma tsiku limene munachikhomera pamenepo chinaleka kukhala chanu.

Tsono taimani pamene anaima anthu aja ankakuyang'anani. Iwo sanakuoneni mukuyenda khomo ndi khomo mapazi akutupa. Anaona mkamwini amene anachoka mu Novembala, amene wangoonekera katatu, ndipo ulendo wachinayi wafika mkazi kulibe, wamasula chinthu chokhacho chimene chinkasonyeza kuti adzabweranso, n'kunena yekha kuti wapeza nyumba. Mukanakhala inu a Goliati mukanaganiza chiyani? Ndipo apongozi anu atati "n'chanu" sankakupatsani chilolezo. Ankalira. Musanamizire mwambo wothawana ndi apongozi. Mwambo womwewo ndi umene unakupatsani nkhoswe, kuti mawu olemera asamanenedwe kuseri kwa nkhokwe.

Nkhani yanu ndi yokonzeka, ndipo si zoona kuti muyenera kusankha pakati pa mkazi ndi chipinda. Chimene chakuikani pakatipo ndi kunyada. Kalipentala wamtundu wanji wosowa chitseko? Mnzanu wa mabokosi a palafini uja anakuuzani zanzeru, mukamuthokoze. Mawa lomwe pitani m'masitolo mukapemphe mabokosi opanda kanthu, ambiri amagulitsa motchipa. Aphwasuleni, muwapale bwino, mukhome mitanda iwiri kumbuyo ndi umodzi wopingasa, muikepo loko. Kwa inu imeneyo ndi ntchito ya madzulo awiri mukaweruka. Wakuba saopa mlombwa, amaopa loko ndi maso a anansi.

Mayi Yunisi auzeni nkhani yonse, musabise. Ndi mayi, anakwatiwapo, ndipo ndikhulupirira kuti akamva adzakukalipirani kuposa ine, kenako n'kukuthandizani. Chipindacho musachitaye, chifukwa chipinda cha chitsime pafupi ndi denga labwino sichipezeka kawiri. Koma pokhala pansi nawo, pakhale mboni, ndipo mugwirizane zinthu zimene m'kalata yanu simunatchule: kuti mkazi ndi mwana akuloledwa, kuti lendi siidzakwera iwo akadzafika, ndiponso kuti chimbudzi ndi bafa zilipo zoti mayi n'kugwiritsa ntchito mosachita manyazi. Ngati palibe, kumbani ndi kumanga nokha iwo asanabwere. Ambiri amakangana ndi eni nyumba chifukwa tsiku loyamba anangoyang'ana denga.

Musadikire Ogasiti. Mukadikira, chitseko chidzabwerera ngati chindapusa, pamene chiyenera kubwerera ngati kupepesa. Pemphani Loweruka limodzi kwa abwana. Dzerani ku Nsaru mukatenge a Davide, musapite nokha. Mukalowe m'mudzimo dzuwa likuswa mtengo, njira yomwe munatulukira, ndipo mukachikhomere nokha anthu akuona. Akaseka, sekani nawo. Manyazi amene Rozaria wasenza kuchitsime masabata onsewa, tsiku limenelo muwasenze ndinu.

Musatenge nsalu ya m'sitolo kapena shuga, zidzaoneka ngati mukugula mtima wake. Tengani mbewu ya mtedza yochokera m'nkhokwe ya amayi anu, yosankha bwino, yoposa imene mbuzi zinadya. Nkhuku ya apongozi ipite kudzera mwa a Davide, pamodzi ndi mawu opepesa osachulutsa zifukwa. Za mmene zitseko zimayendera m'tauni musakazitchulenso. Munanena kale kudimba, ndipo munaona mmene zinathandizira.

Tsopano nkhani yaikulu. Ndawerenga kalata yanu kawiri kufunafuna mawu akuti chitengwa, sindinawapeze. Miyezi isanu munkafuna nyumba yoikamo mkazi, koma simunapemphe kwa eni ake kuti mumutenge. Munkaganiza kuti chipinda chikapezeka mudzangofika ndi njinga n'kuti kwera? A Goliati akupatsani njira ziwiri chifukwa yachitatu simunawaonetse. Tsiku lobweza chitseko musaitchule, lisiyeni likhale la kupepesa kokha. Koma a Davide awadziwitse kuti pamsonkhano wa Ogasiti mudzabwera ndi pempho la chitengwa, mwaulemu wake wonse.

Pamenepo mukakhale ndi mayankho. Munda wa Rozaria adzalima ndani? Azidzabwera kumudzi kangati? Akadwala iye kapena mwana, uthenga udzafika bwanji kwa Nambuma? Nenani poyera kuti Natalia ndi mbumba yawo, ndipo nyumba ya pamudzi ikhalabe yotseka bwino, yoti muzifikiramo. Muwaitane a Goliati, kapena mchemwali wake wa Rozaria, adzaone chipindacho ndi maso awo, aone kuti mulibe mphasa ya munthu wina. Kalata ya ukwati ya m'tchalitchi musakawaopsezere nayo. Ingakupambanitseni mlandu, koma siingakubwezereni chibale.

Ndikuchenjezeni chimodzi, ndipo ichi musachitenge mopepuka. Tauni imene inu mwaizolowera ndi ya mwamuna wopita kuntchito m'mawa n'kubwera madzulo. Ya mkazi ndi ina. Nkhuni ndi zogula, ndiwo ndi zogula, amake kulibe, dimba lake kulibe, ndipo tsiku lonse adzakhala m'chipinda chimodzi ndi mwana pakati pa anthu osadziwa ngakhale mfunda wake. Ena amazolowera, makamaka akapeza anzawo kutchalitchi ndi kadimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo zimenezi mungayambe kumufunira lero. Ena amawonda.

M'kalata yanu mwandiuza zimene ananena Mayi Yunisi, apongozi, a Davide ndi a Goliati. Mwandiuzanso zimene inu munkamufunira Rozaria. Paliponse simunalembe kuti munamufunsa ngati iye akufuna kukhala m'tauni. Mwina akufuna. Mwina adzati adikire adzale mtedza wake, akolole, abwere chaka chamawa. Mwina adzati ayi. Ankhoswe onse angathe kuvomera chitengwa, koma iye akakwera njinga yanu chifukwa choti amalume alamula, mudzakhala ndi nyumba yotchipa ndi mkazi wosayankhula.

Choncho mukamaliza kukhoma, musathamangire kwa a Goliati. Pitani kumene kuli Rozaria, mukhale pansi, mumufunse. Ndipo mukafunsa mutseke pakamwa mpaka ayankhe, ngakhale atatenga mwezi.

Aphungu.